Za mtsikana wa ndolo uja

Mnzanga,

Chithunzi chako chafika. Ndiye kuzizira kwa kumeneko kwakusandutsa Vermeer, katswiri wojambula wa ku Holland uja, mpaka ukukopera chojambula chake cha mtsikana wovala ndolo, "Girl with a Pearl Earring"! Koma ndisakunamize, mtsikana wakoyu akuoneka wolusa, ndipo yalakwa ndi mphuno. Waidula ndi mzere. Tachiyang'ananso chenichenicho, chili ku nyumba yoonetsera zojambula ya Mauritshuis ku The Hague chija: pakati pa mphuno ndi tsaya lowalalo palibe mzere, mitundu yangolowana. Ndolonso Vermeer sanaizungulize ndi mzere. Anangoika kadontho koyera kochindikala chakumwamba, m'munsi n'kupaka kuwala kofewa kochokera ku kolala yoyerayo. Ngakhale kokolera kukhutu palibe.

Uyambirenso basi. Mwiniwake anachijambula cha m'ma 1665 pa kanivasi ya masentimita 44.5 mulitali ndi 39 mulifupi, ndiye usachikulitse. Kanivasi yoyera mbee imanamiza maso, yamba waipaka mtundu wotuwa, iume. Lemba mabokosi papepala la chithunzicho ndi pakanivasi, usamutse nkhope bokosi ndi bokosi. Ukatero ika mithunzi yokhayokha ndi raw umber, penti wa bulauni woderapo, wosungunula ndi mankhwala a turpentine, wopyapyala kwambiri. Ameneyu sachedwa, tsiku limodzi kapena awiri wauma. Khungu libwere pambuyo: woyera, wachikasu wa yellow ochre, ndi wofiira pang'ono chabe. Wakuda uja ukumuthira m'mithunzi ya nkhope ndi amene akuisandutsa matope, musiye, udetse ndi umber yemweyo.

Mafuta a linseed osakaniza ndi penti achepe pansi, azichuluka pamene ukusanjikiza. Ukatembenuza, penti wapamwamba amauma wapansi asanakhazikike, mapeto ake amang'aluka. Kumbuyo kwake usapake wakuda bii, akatswiri atachiunika mu 2018 anapeza kuti kunali katani yobiriwira imene inazilala. Duku la buluulo Vermeer anapaka penti wa ultramarine wa mwala wa lapis lazuli wochokera ku Afghanistan. Iwe gula wa m'chubu wamba, lendi ikukudikira. Vanishi usapupulume nayo, padutse miyezi 6.

Koma chimene chandisowetsa mtendere si mphunoyo ayi. Ndi mulu wa sanza ndauona pansi pa tebulo lako, pafupi ndi hita. Linseed akamauma amakoka mpweya n'kumatulutsa kutentha, ndipo sanza zonyowa naye zikaunjikana zimatha kuyaka zokha popanda machesi. Uziziyanika imodziimodzi panja, kapena uzizimiza m'chitini cha madzi chokhala ndi chivundikiro. Zenera uzitsegula ngakhale kuzizire bwanji, fungo la turpentine m'kachipinda kotseka limapweteketsa mutu. Ndikumangoona nyumba ya eni ikuyaka, iwe uli panja ndi kabudula m'chisanu chimenecho utakumbatira mtsikana wa mphuno yokhota. Ndiye amayi ako ndikawauza chiyani? Kuti mwana wanu anapsa ndi sanza? Ndalama zobweretsera maliro kuchokera kumeneko tikazitenga kuti? Tachotsa sanzazo lero lomwe, usanayankhe n'komwe.

Kuno mlamu wako wabereka mapasa, onse ali bwino. Amalume ako munda wa kudambo uja agulitsa osauza munthu, tidzakambabe. Nsapato unalonjeza zija mpaka pano zii, ndipo ma burashi ukatumiza asakhale a pulasitiki olimba aja, amakanda penti.

Milomo ndaiwala. Kunyowa kuja si kofiira kowonjezera, pakona ya pakamwa pali kadontho kowala kamene ukakaika penti wapansi asanaume... magetsi athima, foni yatsala pang'ono kuzima, ndimalizitsa mawa.