Botolo la madzi otentha limachepetsa ululu koma silichotsa chotupa

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi amayi anzanga amene anauzidwa kuchipatala kuti ali ndi chotupa pa thumba la mazira. Masiku ano pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mwadzaza otsatsa tiyi ndi ufa wosiyanasiyana, ati ukamwa sabata imodzi chotupa chisungunuka. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa mayi amene wagona masiku akubuula amangogwira chilichonse chomwe chamufikira.

Zotupa zambiri za pamenepa zimabwera ndi msambo womwewu. Mwezi uliwonse dzira limakulira m'kathumba ka madzi, likakhwima kathumbako kamaphulika, dzira nkutuluka. Nthawi zina sikaphulika, kamangopitiriza kudzadza madzi. Pena dzira limatuluka bwinobwino koma kathumba kotsalako kamatsekeka nkudzadza madzi kapena magazi. Zotupa zotere zimaphwa zokha pakapita miyezi 2 kapena 3. Ndiye mayi wamwa ufa uja, chotupa chaphwa pa nthawi yake, ulemu nkupita kwa wogulitsa. Koma zilipo zina zosaphwa zokha, monga chimene madokotala amati dermoid, chomwe mkati mwake mumapezeka mafuta, tsitsi ngakhale mano. Chimenechi palibe tiyi amene angachisungunule. Nchifukwa chake ndikuti tiyambe tajambulitsa, tidziwe kukula kwa chotupacho ndi mtundu wake, kenako tikambe zochita kunyumba.

Dokotala akati tidikire kaye tione, zochepetsera ululu zilipo ndithu, ndipo chothandiza kwambiri ndi kufunditsa. Thirani madzi otentha m'botolo, osati owira, tsekani bwino, likulungeni m'kansalu kapena tawulo, muike pachinena mbali imene ikupwetekayo kwa mphindi 15 kapena 20. Liyeseni kaye pamkono. Ngati mkono ukuthawa, mimbanso ipsa. Kufundako kumamasula minyewa yomwe imakhala yakungika chifukwa cha ululu, ndipo ambiri amamva kupepuka msana womwe. Osagona nalo botolo mpaka kucha, khungu limapsa munthu ali m'tulo osadziwa. Kusamba madzi ofunda kumathandiza chimodzimodzi. Pogona, gonerani m'mbali mutapinda mawondo, pilo ali pakati pa miyendo, muzipuma mozama pang'onopang'ono.

China chimene timachinyozera ndi kudzimbidwa. Matumbo akadzadza amapanikiza malo amene chotupa chili, ululu nkuchuluka. Madzi akumwa okwanira, masamba ndi zipatso zimafewetsa m'mimba. Kuyenda pang'onopang'ono nkwabwino, koma kudumphadumpha, kuthamanga ndi kunyamula zolemera dikirani kaye, makamaka ngati chotupacho nchachikulu. Abambonso amve: mayi akanena kuti kukhala malo amodzi kukumupweteka, sikukana banja ayi. Ndipo chonde, musakande kapena kusisita mimba mwamphamvu poganiza kuti chotupa chiphwanyika, musaikenso chilichonse kumaliseche.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Chotupa chikakula, makamaka chikadutsa masentimita 5, chitha kupangitsa thumba la mazira kupotoka, magazi nkusiya kufikako. Ululu wake umabwera mwadzidzidzi, mbali imodzi, wolasa koopsa, kawirikawiri pamodzi ndi nseru ndi kusanza. Mayi amapindika, thukuta lili kamukamu, kulephera ngakhale kuongoka. Pamenepo nkhani ndi ya maola. Akachedwa, thumba la mazira limafa ndipo madokotala amangolichotsa, pamene akanafulumira akanalipotolola pa opareshoni nkulipulumutsa. Chotupa chithanso kuphulika nkumataya magazi mkati, munthu nkumamva chizungulire, kupuma mofulumira, thupi lozizira, mpaka kukomoka. Izi zikachitika, kapena ululu ukabwera ndi kutentha thupi, siyani botolo pomwepo, thamangani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Choopsa cha kufunditsa nchakuti ululu umatha kuzilala pang'ono, munthu nkumadzinamiza kuti zikhala bwino kukacha.

Tisaiwalenso kuti si ululu uliwonse wa pachinena umene uli chotupa. Mimba yokhala kunja kwa chiberekero imapweteka mbali imodzi chimodzimodzi, ndipo imapha. Ngati mwadumphitsa msambo kenako ululu wayamba, kayezetseni mimba tsiku lomwelo. Apendikisi nayenso amayamba kuvuta nkukhazikika kumanja. Kwa amayi amene anasiya kusamba, chotupa chilichonse cha pathumba la mazira chimafunika dokotala achitsatire mwachidwi, poti pa msinkhu umenewu chiopsezo cha khansa chimakwera. Mimba yomangotupa masabata angapo, kukhuta msanga ndi kukodza pafupipafupi si zinthu zoti nkumangofunditsa.

Amene anauzidwa kuti abwerenso kudzajambulitsa, abwerere ngakhale ululu utatha, ndipo azilemba masiku amene ululu ukubwera poyerekeza ndi masiku a msambo, dokotala adzaone. Kwa inu Akonzi, pempho langa nlakuti musanasindikize malonda a mankhwala oti amasungunula zotupa, muzifunsa kaye umboni, ndipo mutipezereko dokotala wa matenda a amayi adzayankhe mafunso athu pa tsamba lino.

Ine,
Mayi wokhudzidwa