Za mabuku a nyimbo amene bambo anasiya

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti mukupeza bwino ku Johannesburg. Kuno ku Blantyre tili bwino, kungoti chiperoni chatipanikiza. Munandifunsa za mabuku a nyimbo zamakolo amene malemu bambo anasiya m'bokosi ku Chilomoni, kuti kodi mugulitse kapena musunge. Maganizo anga ndi akuti musagulitse.

Poyamba achemwali awayale onse patebulo, ndipo asataye ngakhale katsamba kothothoka. Zaka za buku sizivuta kudziwa. Likalembedwa Nyasaland, ndiye kuti linatuluka dziko lino lisanalandire ufulu mu 1964. Mtengo ukakhala wa mashilingi, ndi la kwacha isanabwere mu 1971. Kalembedwe nakonso kamaulula: akale ankalemba "ciani" ndi "Cinyanja" popanda h. Aone kuseri kwa tsamba loyamba ngati pali dzina la osindikiza, kaya Hetherwick Press ya pa Blantyre Mission, Montfort ya ku Limbe, Nkhoma kapena Likuni, alembe zonsezi m'kope, buku lililonse pamzere wakewake.

Mabuku osindikizidwa a kusukulu ndi a kutchalitchi anatuluka ambirimbiri, choncho musayembekezere ndalama zeni zeni. Ogulitsa mabuku m'mphepete mwa msewu angakupatseni ya minibasi basi. Chuma chili m'makope amene bambo analemba pamanja, makamaka pamene anaonjezera m'mbali kuti nyimboyo anaimva m'mudzi uti, anaimba ndani, komanso ngati ndi ya pamtondo, ya m'nthano, yotonthozera mwana, ya tchopa kapena ya manganje. Tsamba lokhala ndi zilembo za d, r, m, f, s pamwamba pa mawu ndi lofunika koposa, chifukwa lasunga maimbidwe ake. Mawu okha popanda maimbidwe sathandiza kwenikweni. Pa nyimbo zotere, achemwali apeze agogo amene akuzikumbukabe, awajambule pafoni akuimba, atchule dzina la nyimbo ndi nambala ya tsamba asanayambe.

Adani a pepala kuno ndi chinyezi, chiswe ndi dzimbiri. Bokosi lichoke pansi pa simenti ndi kukhoma lakunja, likhale pamwamba pouma, mvula ya Novembala isanayambe. Timawaya tomangira mabuku tikachita dzimbiri timadya pepala, ndiye atiwongole ndi kampeni kobuntha, atichotse, masambawo awaike mu envelopu. Selotepu ayi, chonde. Pakapita zaka imasanduka yofiirira, guluu wake n'kulowerera m'zilembo. Kumata mapepala m'pulasitiki ndi makina otentha n'koipa kuposa pamenepo, chifukwa sikubwezeka. Buku lachuku aliumitse pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, kenaka apukute ndi burashi yofewa ali panja atavala masiki.

Akatero ajambule tsamba lililonse pafoni, masana pafupi ndi zenera, osayatsa fulashi, kuyambira chikuto mpaka kumapeto. Zithunzizo zikhale malo awiri, kwa inu ndi kuno.

Tsono makope apamanja ndi mabuku osowa ndingakonde mutawapereka kumene anthu ofufuza angawapeze. Pafupi pali laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ndi nyumba yosungirako zakale ku Chichiri, koma ku Zomba kuli National Archives. Musangosiya pakhomo. Palembedwe kalata yosainirana yonena chiwerengero cha mabuku, dzina la bambo, ngati mwapereka kapena mwangobwereketsa, ndiponso kuti abale aziloledwa kuwaona.

Chinanso: nyimbo za kuchinamwali ndi za kudambwe musaziike pa Facebook, zili ndi eni ake. Mukafuna kudzasindikiza zinazo kuti muzigulitsa, muyambe mwafunsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi mabuku, popeza lamulo la dziko lino limateteza nyimbo zamakolo.

Kambiranani ndi amalume musanapereke kanthu, kuti pasadzakhale madandaulo. Achemwali akamaliza kulemba mndandanda uja anditumizire, ndikuthandizeni kusankha zokhala pakhomo ndi zopita kosungirako.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa ku Blantyre.