Amene munachitidwa opaleshoni ya laser m'maso, sungani mapepala anu

Akonzi,

Ndinachitidwa opaleshoni ya LASIK, yokonza maso ndi kuwala kwa laser, ndikugwira ntchito ku Johannesburg, ndipo kwa zaka 9 ndinaiwalako za magalasi. Chaka chatha, nditabwerera kuno ku Luchenza, nsonga za phiri la Mulanje zinayamba kuoneka mwachimbuuzi. Usiku nyali za maminibasi zinkandithobwa.

Dokotala wa maso ku Blantyre anandiuza kuti zimachitika, diso limatha kubwererako pang'ono. Kubwereza n'kotheka: amatukula kachivindikiro kamene anadula pamwamba pa diso pa opaleshoni yoyamba n'kuwotchanso ndi laser pansi pake, kapena amawotcha pamwamba, njira yotchedwa PRK, imene imawawa ndipo imachedwerapo kupola. Koma laser imapala cornea, kachikopa koonekera ngati galasi ka kutsogolo kwa diso, ndipo chopalidwacho sichimeranso. Ikapyapyala kwambiri, saikhudzanso. Amayamba ayeza kaye kukhuthala kwake, n'kuonanso ngati mphamvu ya maso yasiya kusinthasintha.

Cornea yanga anati yatsala yochepa. Ndavalanso magalasi, ndipo ndikuthokoza kuti anandiuza zoona.

Chimene chandilembetsa ndi mapepala. Anandifunsa miyezo ya maso anga opaleshoni isanachitike, ine ndinalibe, inatayika posamuka. Anati tsiku limene ndidzadwale ng'ala, miyezoyo ingawathandize posankha kagalasi koika m'diso. Abale ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje ali ku Joni. Amene mwachititsa opaleshoniyi, pemphani miyezo yanu musanakwere basi yobwerera, muisunge pamodzi ndi pasipoti.

Wowerenga wanu,
Luchenza, Thyolo