Kwa mwana wanga amene ali pa makina osefa magazi

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira wadzuka bwino pamodzi ndi apongozi anga ndi ana. Kuno ku Thyolo tonse tili bwino.

Mlongo wako wandiuza kuti unakhumudwa utapeza kuti m'thumba lija munalibe nthochi ndi mapeyala. Ndinachita dala. Ndakalamba ndikugwira ntchito ya unamwino, ndipo ndikukuuza kuti anthu ambiri amene ali pa dayalisisi, makina osefa magaziwo, chimawatenga ndi mtima, osati impsozo. Zipatso zimenezi zili ndi mchere wina wotchedwa potaziyamu wambiri. Impso zabwino zimamutaya mumkodzo, koma zako sizingathe, ndiye amangounjikana m'magazi kudikira tsiku la makina ku Queens. Akapitirira 6 pa muyeso wa magazi, mtima ukhoza kusokonezeka kagundidwe n'kuima, munthu ali chicheze. Masiku oopsa kwambiri ndi aja otalikirana pakati pa kusefa kwina ndi kwina, makamaka kumapeto a sabata. Usadumphe tsiku, ngakhale ya minibasi itavuta. Undiimbire, tidzaona chochita.

Awuze apongozi anga asiyiretu chidulo. Ndikudziwa therere lopanda chidulo sulimva kukoma, koma madzi aphulusa aja ndi potaziyamu weniweni. Chimodzimodzi mchere wa m'sitolo umene amati ndi wa odwala BP, chifukwa wambiri mwa iwo anaikamo potaziyamu. Mbatata ndi mbatatesi azisenda, aziduladula tizidutswa, aziwiritsa m'madzi ambiri, madziwo n'kutaya. Masamba chimodzimodzi. Ukalakalaka chipatso, chinanazi cha ku Mulanje chilibe potaziyamu wochuluka. Tizidutswa tingapo basi, poti nacho n'chamadzi, ndipo madzi akachuluka m'thupi amalemetsa mtima.

Palinso mchere wina wotchedwa fosiforasi, amene sapweteka lero. Amagwirizana ndi kashiamu n'kumaumitsa mitsempha ya magazi pang'onopang'ono ngati mmene ketulo imachitira nkhanambo mkati. Ali mu usipa ndi matemba amene timadya ndi minga yomwe, mu mtedza, mu mkaka, ndi mu zakumwa zakuda za m'mabotolo. Mapiritsi omugwira amene anakupatsa uzimwera pakati pa chakudya. Ukamwa wopanda kanthu m'mimba, wangowataya.

Unandiuza kuti ndiwo zonse zikumveka zosakolera. Kawirikawiri zimenezi zimabwera ndi kuchepa kwa zinki, amene amaperewera mwa anthu ambiri a pa makina, pamodzi ndi seleniyamu, amene amateteza mnofu wa mtima. Seleniyamuyo ndi wochepa kale m'chimanga cholimidwa m'madera ambiri a dziko lino. Ayironi, amene amathandiza kupanga magazi, naye amatayika ndi timagazi totsalira m'mapaipi, ndipo magazi akachepa mtima umagwira ntchito ya anthu awiri. Koma chonde, mwana wanga, usakagule mabotolo a mavitamini kapena zitsamba zimene anzako akukutumizira pa WhatsApp. Thupi lako silingathe kutaya zotsala. Kadzira kapena kankhuku kadye, nyama thupi likuifuna, koma za mapiritsi asankhe ndi adokotala atayeza magazi.

Akakuyeza, usachite manyazi kufunsa manambala a potaziyamu, fosiforasi, kashiamu ndi kuchuluka kwa magazi. Uziwalemba m'kope, uzinditumizira. Ukamva miyendo kulefuka, milomo kuchita dzanzi, mtima kudumphadumpha kapena phuma pogona, usadikire kuti kuche. Thamangira kuchipatala usiku womwewo.

Bambo ako akupereka moni. Timakupempherera tsiku lililonse.

Ndine mayi ako.