Munthu amene mukumuseka pa kanema uja anaonadi nkhondo

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhule ndi anyamata a kwathu kuno ku Liwonde amene anaponya makombola pakhomo pathu usiku wa pa 2 January, komanso nonse amene mwakhala mukugawana kanema wake pa WhatsApp. Mdala amene mukumuona akukwawa m'ngalande atavala kabudula yekha, akukuwa kuti "gonani pansi", ndi bambo anga ondibereka. Wina mwa inu, amene ndikukhulupirira kuti anakhoza bwino Chichewa pa mayeso a Fomu 4, analemba pansi pa kanemayo kuti "wamisala anaona nkhondo". Zikomo achimwene, mwalasa. Anaionadi.

Chimene chikundiwawa n'chakuti sizinachitike mwangozi. Usiku wolowa chaka chatsopano makombola anaphulika tauni yonse, ndipo ife tinakonzekera monga timachitira chaka chilichonse: kutseka mawindo, kukweza wailesi, amayi kukhala pambali pawo. Koma anyamatawa anamva kukuwa m'nyumba mwathu, n'kuzindikira kuti apeza choseweretsa chaulere. Anasunga makombola awiri, n'kubwera nawo dala patapita masiku awiri, wina ataimika kale foni. Kuganiza konseko, kusunga konseko, ndalama za makolo awo, n'cholinga chogwetsa munthu wa zaka zopitirira 60 m'matope. Makolo ake ndinawapitira m'mawa. Yankho lake? "Ndi ana, amangocheza." Ana a ndevu, ena okwatira kale.

Anyamata inu simunabadwe pamene asilikali a Malawi anatumizidwa ku Mozambique mu 1987 kukalondera njanji ya ku Nacala, nthawi imene zigawenga za Renamo zinkaphwasula njanjiyo ndipo katundu wa dziko lino ankazungulira mtunda wautali kudzera ku Durban. Bambo anga anali m'gulu limenelo. Analowera pa Nayuchi, nakhala m'tchire la m'mbali mwa njanji kupitirira Cuamba. Sakonda kufotokoza, ndipo zimene ndikudziwa ndazitola pang'onopang'ono pa zaka zambiri, zina kuchokera m'kubwebweta kwawo kutulo. Ankayenda wapansi kutsogolo kwa sitima, maso ali pansi, kufunafuna dothi looneka ngati lakumbidwa chatsopano. Tsiku lina mnzawo amene ankagawana naye fodya, amene anali patsogolo pawo mapazi ochepa okha, anaponda bomba lokwirira. Bambo ndi amene anatola zotsala n'kuzikulunga m'chofunda chawo. Mpaka lero sadya nyama yowotcha, ndipo pa ukwati wanga anatuluka panja pamene fungo la kanyenya linafika pa tebulo.

Nkhondo ya ku Mozambique inatha ndi pangano la ku Rome mu October 1992. Kunyumba kwathu sinathe. Ine ndakula ndikudziwa kuti bambo sadzutsidwa powagwedeza. Umaima pakhomo n'kuitana dzina. M'tchalitchi amakhala pa benchi yakumapeto, msana kukhoma, kuti aziona khomo. Chitseko chikamenyetseka ndi mphepo amatuluka thukuta ngati alima ndime yonse. Panali zaka zimene ankamwa kachasu kuti apeze tulo, ndipo achibale anatitengera kwa asing'anga atatu, aliyense ndi dzina la mfiti yakeyake. Mbuzi ziwiri zinapita. Mpingo unasala kudya. Ndi dokotala wina wachinyamata, titapita za shuga, amene anafunsa funso limene palibe anafunsapo kwa zaka 20: "Bambo, munagwirapo ntchito ya usilikali?" Ndiye tinamva koyamba kuti matendawa ali ndi dzina, PTSD, kuti ubongo wa munthu amene waona zoopsa umakhalabe tcheru ngati zoopsazo zikadali pakhomo, ndiponso kuti pali uphungu ndi mankhwala othandiza. Anayamba kupezako bwino. Chaka chathachi anayambanso kupita okha kumsika. Kuchokera pa 2 January sanatulukenso pageti.

Ndiye ndifunse akuluakulu a dziko lino. Mwezi wa November uliwonse timakuonani pa kanema mutavala maluwa ofiira pachifuwa, mukuika nkhata pa chipilala cha chikumbutso ku Zomba kapena ku Lilongwe, lipenga likulira, aliyense nkhope yachisoni kwa mphindi ziwiri. N'zabwino ndithu, akufa salankhula, safuna mankhwala, sabwera kudzakhala pa benchi ya ofesi yanu. Nanga amoyowa? Agogo a KAR, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, amene anakamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Burma atha pafupifupi onse, ambiri anapita ndi maloto awo kumanda anthu akungoti "anabwera wozungulira mutu". A ku Nacala akukalamba tsopano. Ndipo tikupitiriza kupanga ena. Mu November 2018 asilikali athu 6 anaphedwa pafupi ndi Beni ku DRC, mmodzi mwa iwo Private Chancy Chitete, amene anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania ndipo bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo mu 2019. Mu January 2025 tinatayanso atatu pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 ku DRC komweko. Amene anali pambali pawo, amene ananyamula mitembo ija, anabwerera kwa akazi awo ndi ana awo. Ife timangoona kuti agula galimoto ndi ndalama za ku Congo, amanga nyumba ya malata. Usiku wawo ndani amaufunsa?

Vuto lina ndi ife tomwe. Mwamuna salira, msilikali ndiye kaya. Ukangotchula za chipatala cha matenda a maganizo, anthu amati "akupita naye ku Zomba", kuseka kuli pakamwa, ngati kuti kumeneko n'kundende. Kuli a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amene amathandiza, koma munthu wopuma ntchito wa ku Liwonde kapena ku Nsanje afikako ndi thiransipoti yanji mwezi ndi mwezi? Komanso makombolawa, ndani anawalola kuti azigulitsidwa pa benchi limodzi ndi maswiti? Galu wa aneba anathawa mpaka lero sanabwere, ndipo denga la udzu silichedwa kuyaka. Kale chaka chatsopano tinkachilandira ndi ng'oma ndi kumenya zitini, palibe anafa nacho.

Pempho langa ndi lachidule. Aphungu a Nyumba ya Malamulo afunse Unduna wa Zachitetezo ndi Unduna wa Zaumoyo kuti pa chipatala cha boma lililonse pakhale tsiku limodzi pa mwezi la uphungu wa asilikali opuma ndi mabanja awo, ndipo bungwe la asilikali opuma la VELOM liwalembe maina. Makhonsolo aletse makombola m'makwalala a nyumba za anthu. Ndipo amfumu a dera lathu, nkhani ndinaitula kwa inu sabata yatha; ndikudikira tsiku la bwalo, anyamatawo abwere ndi foni yomweyo adzafufute kanemayo ine ndikuona.

Mwana wa msilikali wopuma,
Liwonde