Aphungu bwezerani Gawo 64, mavoti athu si anu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani imene ikundiwawa mumtima, ya aphungu osinthasintha zipani amene ife ovota sitingathe kuwachotsa. Mwezi watha ndinapita kumudzi kukaona mayi, ndiye pofuna bulangete musutikesi mwawo ndinapeza nsalu zachipani zitatu zopindidwa bwinobwino, yachikasu ya UDF, yabuluu ya DPP ndi yaolenji ya PP. Nditafunsa anandiuza kuti zonsezo anawapatsa ndi munthu mmodzi yemweyo, phungu amene tinali naye kwathuko zaka zimenezo. Mayi anavina nazo nsalu zonse zitatu padzuwa mpaka mawu kusasa, koma mjigo umene ankalonjezedwa pamsonkhano uliwonse mpaka lero kulibe, akutungabe madzi kudambo limodzi ndi ng'ombe.

Ife ovota timakakamira chipani ngati ndi mtundu wathu, pachibale kusiya kuyankhulana, pamaliro kukhala mbali zosiyana chifukwa cha mtundu wa nsalu, pomwe eni ake andalewo chipani amachivula ngati malaya. Tinaziona mu 2005 a Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP, aphungu anakhamukira komweko. Mu Epulo 2012 a Bingu atamwalira, maliro asanaikidwe n'komwe anthu omwe ankanyoza mayi Joyce Banda dzulo lake anali atavala kale zaolenji za chipani chawo cha PP poti mayiwo ndiwo analowa upulezidenti. Ndipo mawu ake amakhala omwewo nthawi zonse, akuti anthu akwathu andiuza kuti ndigwire ntchito ndi boma kuti chitukuko chibwere. Anthu ake ati? Mayi anga palibe anabwera kudzawafunsa. Ndipo chitukuko ndi ndalama zamisonkho yathu, sikuti ndi mphatso yoti mpaka phungu akagwade kaye kwa pulezidenti.

Lamulo loletsa zimenezi lilipo, Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko lino, loti phungu akachoka m'chipani chimene anawinira n'kulowa china sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu. Mu 2007 khoti la Supreme linanena kuti gawoli ndi lovomerezeka, bajeti inachedwa miyezi chifukwa cha mkangano umenewu, koma mapeto ake ma injakishoni basi, anthu anamaliza teremu yawo akudya ma alawansi. Oyima paokha ndiye osanena, akangowina m'mawa mwake ali kuboma.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi Gawo 64. Malamulo athu a 1994 anatipatsa mphamvu yochotsa phungu wosagwira ntchito zaka zisanu zisanathe, koma aphungu anafufuta okha gawoli mu 1995, demokalase ili yakhanda. Makolo athu amene anavotera nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 sanavotere zimenezi ayi.

Nafenso tisadziyeretse, timalandira kandalama ka sopo ndi tisheti n'kuiwala kufunsa za mankhwala kuchipatala. Komabe Amalawi tikafuna timatha, makhoti anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 ndipo mu Juni 2020 tinasintha boma, mu Seputembala 2025 tinasinthanso popanda nkhondo. Ngati timatha kuchotsa pulezidenti ndi voti, bwanji atikanize kuchotsa phungu amene wagulitsa voti yathu?

Ndikupempha aphungu 229 amene ali kunyumba yamalamulo ku Lilongwe, apezeke ngakhale mmodzi wolimba mtima abweretse bilu yobwezeretsa Gawo 64, tione ndi maso athu amene adzaikane. Mabungwe ndi amipingo tithandizeni kukankha nkhaniyi chisankho cha 2030 chisanafike.

Wovota wokhudzidwa,
Ndirande, Blantyre