Kwa mwana wanga ku Moatize, za rebarbadora yopanda chishango

Ulongwe, Angónia

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tadzuka bwino. Mwendo wa amayi ako uja wayamba kupepuka, ndipo mbatatesi ya kudimba tatsiriza kukumba. Zithunzi za ofisina yako, shedi yako yowotcherera zitsulo ija, zimene unatumiza pa foni ya mlongo wako taziona tonse. Amayi ako anaimba nthungululu ataona geti lachitsulo lija, ndipo ine ndinaliyang'anitsitsa nthawi yaitali. Ngodya zake n'zowongoka, powotcherera m'posalala. Dzanja uli nalo, mwana wanga, ndipo mtima wanga wakondwa.

Koma pa chithunzi chachitatu pali chimene chandisowetsa tulo. Wagwira rebarbadora, ija yodulira ndi kusalazira zitsulo imene anzathu a ku Malawi amati galayinda, ndi dzanja limodzi. Chishango chake palibe, chogwirira cha m'mbali palibe, disiko ndi lalikulu kuposa msinkhu wa makinawo, kumapazi uli ndi mapatapata, ndipo m'maso mulibe kanthu. Pa foni sindikanatha kulankhula zonse, ukanangoti "ndamva bambo" n'kupitiriza. N'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba, kuti uwerenge usiku ntchito itatha.

Pali nkhani imene sindinakuuzepo bwinobwino chifukwa inkandichititsa manyazi. Ukudziwa kuti ine ntchito ndinaphunzirira ku Dedza, nthawi imene tinathawa nkhondo, ndipo tinkagwira ndi sowo, puleni ndi kasemasema. Zida zimenezo ukasiya kukankha, nazonso zimaima. Titabwerera kwathu pambuyo pa mtendere wa 1992, panapita zaka ndisanagwire chida cha magetsi, ndipo nditachigwira ndinabwera nacho chizolowezi cha sowo. Tsiku lina masana ndikudula paipi, magetsi anazima. Ndinangoika rebarbadora pansi pafupi ndi benchi, switchi ili yotsekera poyaka, n'kutuluka kukamwa thobwa pamthunzi. Mnyamata amene ndinkamuphunzitsa ntchito anatenga tsache kuti asese poti panalibe chochita. Magetsi aja anabwera mwadzidzidzi. Ndinamva kulira kwa makina, kenako kukuwa kwa mwana. Chidacho chinadumpha pansi ngati nkhuku yodulidwa mutu, chinadula waya wake womwe, n'kumupeza mnyamatayo pamwamba pa kakolo. Ndinamumanga ndi malaya anga, magazi akudutsa m'nsalu n'kumadontha pa sipoko za njinga njira yonse ya kuchipatala. Anachira, koma mpaka lero amatsimphina, ndipo tikakumana pamsika amandipatsa moni mwaulemu ngati sindinamulakwire. Wolakwa ndinali ine. Kungozula pulagi kukanatha zonse.

Ndiye choyamba ndi chimenecho. Magetsi akazima, zimitsa switchi, zula pulagi. Posintha disiko, zula pulagi. Ukamapita kukadya, ukamalankhula ndi kasitomala, ngakhale ukungopita kuseri, zula pulagi, ndipo iike poti uziiona ndi maso ako. Usadalire switchi yokha, imagundika ndi bondo kapena ndi chitsulo chogwa. Zida zina zatsopano siziyaka zokha magetsi akabwerera, koma zambiri zimene zili m'manja mwa anthu kuno zilibe nzeru imeneyo. Komanso usaike rebarbadora pansi disiko lisanaime.

Tsopano za chishango. Ndikudziwa chifukwa chimene unachichotsera, pakuti amisiri onse amanena zofanana: chimatchinga maso, ndiponso disiko lalikulu silikwana chikakhalapo. Tenga disiko limodzi uwerenge manambala olembedwa pamenepo. Rebarbadora yaing'ono ya mamilimita 115 imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi imodzi, ndipo m'mphepete mwa disiko mumathamanga liwiro loposa makilomita 200 pa ola. Disiko la 180 linapangidwa kuti lisapitirire 8,500, la 230 lisapitirire cha m'ma 6,600. Ukaika lalikulu pa makina aang'ono, ukulithamangitsa kuposa mphamvu ya guluu ndi ulusi zimene zinaligwirizanitsa. Lidzagwira ntchito lero, mawa, mwina mwezi wathunthu, ndipo udzayamba kunena kuti akuluakulu amangoopseza. Tsoka silinunkha. Tsiku lophulika, zidutswa zake zimapita kumene kulibe chotchinga, ndipo nkhope ya munthu woweramira ntchito ili pomwepo, khosi lili pomwepo. Chishango chija chimatembenuzika. Chitembenuze kuti chikhale pakati pa iwe ndi disiko, mbaliwali za moto zizipita kumbali, ndipo udzaona kuti sichitchinga kanthu. Ngati ntchito ikufuna disiko lalikulu, sunga ndalama ugule makina aakulu, kapena ubwereke.

Pakati pa disiko pali kamphete kachitsulo, ndipo pa madisiko abwino pamadindidwa mwezi ndi chaka chothera ntchito, kawirikawiri zaka zitatu kuchokera pamene linapangidwa. Anthu ambiri sadziwa kuti disiko limakalamba ngati mankhwala. Lokhala padzuwa pamsika, lonyowa ndi mvula, logwa pansi, long'aluka m'mphepete, usalimvere chisoni, liswe ndi nyundo ulitaye kuti wina asalitole. Ukaika latsopano, liyatse kaye kwa kanthawi litaloza kopanda munthu, umve ngati likunjenjemera. Lodulira, lopyapyala lija, ndi lodulira basi. Ukamaligwiritsa cham'mbali kusalazira powotcherera ukudya ulusi umene walilimbitsa. Losalazira ndi lochindikala, la mamilimita 6. Ndipo ndikupempha ndi mtima wonse, sowo ya mano yodulira matabwa isadzakhale pa rebarbadora yako ngakhale tsiku limodzi. Mano akakodwa pa mfundo kapena pa msomali, makina amabwerera kwa mwini wake msanga kuposa mmene dzanja lingathawire.

Chitsulo chimene ukudula chimange pa vaisi kapena ndi kalampu, osati kuchiponda ndi phazi. Mbali imene igwe ikhale yomasuka kuti mpata wodulawo uzitseguka, chifukwa ukatsekeka umapana disiko, ndipo ndi pamene makina amakankha. Manja onse awiri pa chida. Usakanikize, kulemera kwa makinawo n'kokwanira.

Ife a chigawo cha Tete timanyadira kuti magetsi amabadwira kwathu ku Songo, pa damu la Cahora Bassa, mpaka kukaunikira ku South Africa. Koma mavoti 220 amene ali mu soketi yako sadziwa mbale. Pa chithunzi china ndaona waya wolumikizidwa ndi tepi yakuda pawiri, akudutsa pansi pomwe pamagwera zitsulo zotentha. Kumeneko ku Moatize mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, munthu amagwira ntchito thukuta lili chuchuchu, ndipo khungu lonyowa limalowetsa magetsi mosavuta kuposa louma. Mvula ikayamba, pansi pa shedi yako padzakhala chinyezi, iwe uli ndi mapatapata. Waya woonongeka amafupikitsidwa n'kumangidwanso bwino pa pulagi, kapena amasinthidwa yense. Mawaya awiri osenda olowetsa mu soketi n'kutsinira ndi timitengo ta machesi, zimenezo zisapezeke pa malo ako. Usanyamule chida pochigwira waya, ndipo pozula gwira pulagi yeniyeniyo.

Ekisitenshoni ikhale yochindikala, ya waya wa 2.5 mm², makamaka ikakhala yaitali. Waya woonda ngati wa wailesi amatentha, mphamvu imafika yochepa, mota imavutika mpaka kupsa, ndiye munthu n'kumati anandigulitsa makina achinyengo. Ikakhala yokulunga pa gudumu, itambasule yonse usanayambe ntchito yolemera, chifukwa yokulungidwa imasunga kutentha mpaka pulasitiki kusungunuka.

Pali kachipangizo kamene ndikufuna ugule mwezi uno usanagule china chilichonse. M'masitolo a zamagetsi mumzinda wa Tete ukafunse disjuntor diferencial wa 30 mA, ndipo akuikire ndi munthu wodziwa zamagetsi. Disjuntor wamba, switchi yodzigwera yokha ija imene ili pafupi ndi mita yolipiriratu ya Credelec, amateteza mawaya kuti asapse, amadikira ma ampeya 16 kapena 20 kuti agwe. Mtima wa munthu ungaime ndi magetsi osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a ampeya imodzi. Diferencial amaona kuti magetsi ena akuthawira kwina, mwina kudzera m'thupi mwako, ndipo amadula nthawi yomweyo. Ali ndi kabatani koyesera, uzikadina nthawi ndi nthawi kuti udziwe kuti akugwirabe. Chida chokhala ndi chizindikiro cha kabokosi m'kati mwa kabokosi kena ndi chotetezedwa kawiri ndipo sichifuna waya wa pansi, koma cha thupi lachitsulo, monga makina ako owotcherera, waya wachitatu uja ndi moyo wako, usamudule. Anyamata ako uwauzenso kuti mnzawo akagwidwa ndi magetsi asamugwire ndi manja. Athamangire kuzimitsa, kapena amukankhe ndi thabwa louma.

Za maso sindichulutsa mawu. Magalasi oteteza ndi otsika mtengo kuposa madisiko ochepa chabe, ndipo magalasi a dzuwa si omwewo. Kachitsulo kakalowa m'diso usatikite, usalole munthu akachotse ndi kamtengo kapena ngodya ya nsalu. Tsuka ndi madzi oyera, phimba, pita kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kakagona m'diso kamachita dzimbiri. Makutu nawo amatha mwakachetechete. Ine khutu lamanzere limalira ngati nyenje usiku ndi usana, adzukulu anga akamandilankhula kumbali imeneyo ndimangoona milomo. Phokoso la rebarbadora limapitirira muyeso umene khutu lingapirire tsiku lonse, choncho tseka makutu. Ukamadula simenti, matailosi kapena mwala, fumbi loyera lija ndi lomwe linatha zifuwa za amuna amene anabwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni. Limakhazikika m'mapapo ndipo silituluka. Vala chotchinga mphuno chenicheni, dulira panja, mphepo izichotsa fumbi kwa iwe.

Berbequim, wobowolera uja, amaoneka wofatsa, koma ali ndi zake. Kiyi womangira usamusiye pamutu pake. Pobowola chitsulo, nsonga imakonda kugwira pamene ikutulukira kuseri, ndiye pamenepo chepetsa mphamvu, apo ayi makina adzakupotola dzanja kapena chitsulocho chidzazungulira ngati chikwanje. Magolovesi ndi malaya olendewera zisayandikire chinthu chozungulira chotere. Ukamakhoma mawindo m'nyumba za anthu, yang'ana pamene pali soketi ndi switchi, chifukwa mawaya a m'khoma amayenda molunjika kukwera kapena kupingasa kuchokera pamenepo.

Chida ukachisamala chimakuuza matenda ake chisanafe. Kwanuko fumbi la malasha ndi losasowa, ndipo ukaphatikiza ndi fumbi lachitsulo la ntchito yako, timabowo topumira mota timatsekeka msanga. Fumbi lachitsulo limadutsitsa magetsi, likadzaza m'kati ndi ngozi. Loweruka lililonse, pulagi itazulidwa, upemerere ndi pampu ya njinga ndi kupukuta ndi kaburashi kouma. M'kati muli timakala tiwiri, ogulitsa amati escovas, timene timakhudza mota ikamazungulira. Ukaona moto wambiri ukuthetheka m'kati, makina akudukizadukiza kapena akununkha chopsa, ima pomwepo. Timakalato n'totsika mtengo, umasintha tonse tiwiri limodzi. Ukaumirira, chimene chipse ndi mota, ndipo mtengo wake ndi wa makina atsopano. Chida chikatentha pa ntchito yolemera, chichotse pachitsulo chizungulire chopanda katundu kwa kanthawi kuti mphepo yake ichiziziritse. Kumutu kukayamba kulira mokhotakhota, girisi watha kapena bering yadyeka. Za mabatire, ngati udzagule, zisakhale padzuwa kapena pansi pa malata otentha masana.

Uyang'anenso kumene mbaliwali zako zimagwera. Zimauluka mamita angapo, ndipo chilimwe chino udzu wouma, chigubu cha petulo wa jenereta, chitini cha thina ndi nsanza za penti sizifuna zambiri. Jeneretayo izilira panja, utsi wake umapha munthu m'chipinda chotseka osamva fungo lililonse.

Ndamva kuti watenga anyamata awiri oti uziwaphunzitsa. Makolo awo akupatsa ana athunthu, a maso awiri ndi zala khumi. Iwo sadzamvera zimene ukunena, adzaonera zimene ukuchita, monga mnyamata wanga uja ankaonera ine. Mdzukulu wanga nayenso wayamba kuyenda, ndipo apongozi anandiuza kuti amakonda kukutsatira ku shedi. Madzulo zida zonse zizilowa m'bokosi lokhoma.

Ndikudziwa kuti maoda akuchuluka ndipo eni ake amafuna zinthu zawo dzulo. Ukatopa, kapena ukalawako mowa ngakhale pang'ono, ntchito ya makina iime, geti lidzatha mawa.

Ndapatsira dalaivala wa chapa, minibasi ija ya Lachisanu, thumba la mbatatesi ndi nyemba zochokera kwa amayi ako. Pansi pa nyembazo ndaikamo magalasi awiri oteteza maso, ndi ndalama pang'ono m'kamvulopu zothandizira pa diferencial uja. Chishango ngati unachitaya, undiuze mtundu wa makinawo ndi nambala yake, ndili ndi ziwiri zakale m'bokosi mwanga, mwina china chikwana. Ukachibwezera unditumizire chithunzi china pa foni ya mlongo wako. Ndidzabwera ndekha mvula isanayambe, ndikufuna ndidzaone geti lija ndi manja.

Upereke moni kwa apongozi ndi kwa mdzukulu wanga. Amayi ako akuti uziwaimbira Lamlungu.

Ndine,
Bambo ako